Makina oyesa zipangizo zamagetsi: amene amaphunzira kuwalamula amaphunzira chiyani?

Mphwanga amakonza mafoni mumsika waukulu wa Lilongwe, chakufupi ndi depoti ya mabasi. Pa benchi pake pamakhala mita ya mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, chowotcherera mtovu ndi kagalasi kokulitsira zinthu. Masabata apitawa adanditumizira pa WhatsApp uthenga wotsatsa maphunziro a "ATE programming" umene adauwona pa intaneti, n'kundifunsa kuti: "Achimwene, zimenezi ndi zathu zomwezi za mafoni kapena ndi za anthu ena? Mtengo wake akutchula madola." Ndidamuyankha kuti mbali ina ndi zake zomwezo, mbali ina ndi zakutali. Sadakhutire, ndipo sindikumuda. Funso lake limafuna kukhala pansi.

Makinawo ndi otani

ATE ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti automatic test equipment, kutanthauza makina amene amayesa okha chipangizo chamagetsi popanda munthu kugwira mawaya. Mphwanga akafuna kudziwa ngati chavuta ndi batire kapena bolodi, amagunditsa mawaya a mita pa malo awiri, amawerenga nambala, amaganiza, kenako amasunthira pena. Makina a ATE amachita zomwezo, kungoti ali ndi zala mazanamazana, ena masauzande, zimene zimakhudza chipangizo nthawi imodzi. Amalowetsa magetsi, amayesa zimene zatuluka, amayerekeza ndi zimene adauzidwa kuti ziyenera kutuluka, n'kugamula kuti chipangizocho chakhoza kapena chalephera. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa.

Mukaima pafupi ndi makinawa mumaona chikabati chodzaza ndi zida zoyesera, ndi chogwirira pamene chipangizo choyesedwa chimakhala. Choyesera mabolodi chimakhala ndi timisomali ta masipuling'i tambirimbiri toloza m'mwamba, moti amisiri ake amachitcha bedi la misomali. Bolodi ikapanikizidwa pamenepo, kamsomali kalikonse kamakhudza malo ake. M'mafakitale akuluakulu mulinso dzanja la makina lonyamula ma chip (tizidutswa takuda ta miyendo yambiri timene timakhala pa bolodi), kuwaika ndi kuwachotsa usiku ndi usana. Chimene simuona ndi maso ndi pulogalamu, ndipo ndiyo imene maphunziro aja amaphunzitsa kulemba.

Transistor, kachida kotsegula ndi kutseka njira ya magetsi ngati switchi, idatulukira ku Bell Labs ku America m'chaka cha 1947, ndipo mu 1958 Jack Kilby wa ku Texas Instruments adaonetsa kuti zida zingapo zamagetsi zingathe kukhala pa kachidutswa kamodzi. Zaka zoyambirira, antchito ankayesa zidazi pamanja, chimodzi chimodzi. Mu 1960 Alex d'Arbeloff ndi Nick DeWolf adayambitsa kampani ya Teradyne mumzinda wa Boston, ndipo chinthu choyamba chimene adagulitsa chinali choyesera ma diode, tizida tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Mu 1966 adatulutsa makina otchedwa J259 amene ankayendetsedwa ndi kompyuta. Kuyambira pamenepo, woyesa sankafunikanso kukhala wamanja achangu. Ankafunika kudziwa kulemba malangizo. Ku Japan, kampani ya Takeda Riken imene idayamba mu 1954 idasintha dzina mu 1985 kukhala Advantest. Makampani awiriwa ndiwo amagulitsa ambiri mwa makina oyesera ma chip padziko lero.

Bwanji osangotapa pang'ono?

Wogula chimanga sayesa njere iliyonse. Amabaya thumba, amatapa pang'ono, akaona kuti chauma ndipo chilibe anankafumbwe amalipira. Ma chip salola zimenezo. Amapangidwa ambirimbiri pa kambale kopyapyala ka silicon, ndipo m'mafakitale amakono kambaleko kamakhala kotambalala mamilimita 300, ngati chivundikiro cha poto wamkulu. Chip imodzi ya foni ili ndi ma transistor mabiliyoni, moti kafumbi kamodzi kosaoneka ndi maso kakagwa pakati pa ntchito, chip imeneyo yafa pamene yoyandikana nayo ili bwinobwino. Ubwino wa inzake sukuuzani chilichonse za iyoyo.

N'chifukwa chake nthawi zambiri chip imayesedwa kawiri: isanadulidwe pa kambale paja, ndiponso itakutidwa kale m'chikopa chake chakuda. Yoipa ikagwidwa pa kambale, chotayika n'chochepa. Ikazemba n'kuwotchereredwa pa bolodi, bolodiyo n'kulowa m'foni, foniyo n'kudutsa pa doko la Dar es Salaam kapena Beira mpaka kufika m'shopu ya pa Bwalo la Njobvu, wolira ndi munthu amene wasunga ndalama miyezi itatu kuti aigule.

Kuyesaku sikungosiyanitsa zamoyo ndi zakufa. Mlimi wa fodya wa ku Mitundu asanamange mabelo opita ku okushoni ya ku Kanengo amasankha masamba m'magiredi, ngakhale onse achokera m'munda umodzi. Makina oyesa nawonso amaika ma chip m'magulu: othamanga kwambiri amagulitsidwa modula, ofooka pang'ono amapatsidwa dzina lina ndi mtengo wotsika. Makompyuta awiri a mitengo yosiyana akhoza kukhala ndi ma chip ochokera pa kambale kamodzi.

Pali cholakwa china chimene makinawa amachiphonya mosavuta. Mu 1994 zidadziwika kuti chip ya Pentium ya kampani ya Intel inkalakwitsa masamu ena ogawa, ndipo kubweza ma chip amenewo kudadyera kampaniyo madola 475 miliyoni. Fakitale sidalakwitse kupanga. Cholakwika chidali mu pulani yeniyeniyo. Makina oyesa m'fakitale amayerekeza chip ndi pulani yake, ndiye pulani ikakhota, chip ndi makina amagwirizana pa chokhotacho. Kufufuza pulani ndi ntchito ina, ya anthu ena.

Pulogalamu yoyesera

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo. Pulogalamu yoyesera ndi mndandanda wa mafunso amene makina amafunsa chipangizo, pamodzi ndi malire a mayankho ovomerezeka. Makina sadziwa kuti chabwino n'chiti. Munthu ndiye amasankha funso, dongosolo la mafunso ndi malire.

Funso loyamba limakhala lakuti: kodi zala zonse zakhudza? Miyendo yambiri ya chip ili ndi ka diode koteteza m'kati mwake. Makina amakankhira magetsi ochepa kwambiri pa mwendo uliwonse n'kuona ngati mphamvu yake yatsika ndi pafupifupi 0.6 kapena 0.7 ya volti. Nambala ikakhala pafupi ndi ziro, pali shoti. Ikakwera mopitirira, mwendo sunakhudze kapena waduka. Nditamufotokozera mphwanga zimenezi adadumpha, chifukwa ndi zomwe amachita tsiku lililonse akaika mita yake pa chizindikiro cha diode. Kusiyana n'kwakuti makina amayesa miyendo yonse asanaphethire n'komwe.

Kenako amayesa kuchuluka kwa magetsi amene chip ikudya itangokhala osagwira ntchito. Ikamadya kwambiri ndiye kuti penapake pakudontha, monga mita ya madzi imene ikuzungulira mipopi yonse ya m'nyumba ili yotseka. Zikatha izi m'pamene amayamba kuifunsa ntchito yake yeniyeni, poithira mizere ya manambala 1 ndi 0 n'kumvetsera mayankho.

Pamenepa pali vuto la masamu limene limadabwitsa ophunzira atsopano. Tinene kuti kachigawo ka chip kali ndi makomo 64, lililonse lolandira 1 kapena 0. Kuti muyese kasakanizidwe kalikonse kotheka, ngakhale mutamayesa biliyoni imodzi pa sekondi, mungathe zaka zoposa 500. Kuyesa zonse n'kosatheka. Akatswiri adasintha funso: m'malo mofunsa ngati chip ikuchita zonse molondola, amafunsa kuti ingawonongeke m'njira zotani. Njira yodziwika kwambiri ndi yakuti kawaya kena kakanirira pa 1 kapena pa 0, ngati switchi imene yakana kuzima. Ndiye amakonza mizere yochepa ya manambala imene ingaulule kukanirira kotere kulikonse kumene kuli. Kuti zimenezi zitheke, opanga ma chip amamangiratu m'kati tinjira tapadera toti tizigawo tosunga manambala tilumikizane ngati unyolo pa nthawi yoyesa, kuti woyesa alowetse manambala mpaka kuchipinda n'kuwatulutsanso. Ma chip a m'galimoto amayesedwanso pozizira ndi potentha, ambiri kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro mpaka 125.

Tsopano malire. Tchaja cha USB chiyenera kutulutsa mavolti 5, ndipo muyezo wakale wa USB umalola kuyambira 4.75 mpaka 5.25. Makina awerenga 5.24. Chakhoza? Pa pepala inde. Koma chida choyesera chilinso ndi kulakwitsa kwake kwakung'ono, moti mwina nambala yeniyeni ndi 5.26. Wolemba pulogalamu amakokera malirewo m'kati pang'ono, mwina n'kuwaika pa 5.22, kusiya kampata kodzitetezera. Akakokera kwambiri, fakitale imataya matchaja abwino ndipo mtengo umakwera. Akalekerera, zoipa zimadutsa. N'chimodzimodzi ndi kuyezetsa malungo kuchipatala: choyezera chikhoza kunena kuti muli nawo pamene mulibe, kapena kuti mulibe pamene muli nawo, ndipo zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Pa tchaja cha foni munthu akhoza kulolera pang'ono. Pa chip yoyendetsa mabuleki a basi ya ku Mzuzu, kapena makina othandiza khanda kupuma, kulolera kulibe malo. Kwa ine, kudziwa poika malire amenewa ndiko kumasiyanitsa amene waphunzira ntchitoyi ndi amene wangoloweza mabatani.

Ndiye pali nthawi. Makina aakulu oyesera ma chip amagulidwa madola mazana a masauzande, ena kupitirira miliyoni, moti sekondi iliyonse imene chip yakhala pa makina imawerengedwa ndalama. Wolemba pulogalamu amaika patsogolo mafunso amene amagwetsa zoipa zambiri, kuti yolephera ichoke msanga, ndipo amakonza zoyesa ma chip angapo nthawi imodzi. Mwini chigayo amene ali ndi mzere wa amayi panja amamvetsa bwino maganizo amenewa.

Chilankhulo chimene makina amamva

Kale kampani iliyonse inkalumikiza zida zake m'njira yakeyake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Hewlett-Packard idakonza chingwe chimodzi cholumikizira zida zoyesera ku kompyuta, ndipo mu 1975 chidavomerezedwa kukhala muyezo wa IEEE 488, umene ambiri amautcha GPIB. Chingwe chimodzi chinkatha kunyamula zida zokwana 15. Koma mawu olamulira adali osiyanabe, mpaka mu 1990 pamene makampani adagwirizana za chilankhulo chotchedwa SCPI. Mukatumiza mawu akuti *IDN? ku chida chilichonse chomva SCPI, mwachifunsa kuti "ndiwe yani?", ndipo chimayankha dzina la wopanga ndi mtundu wake. Mukatumiza MEAS:VOLT:DC? mwachiuza kuti chiyese mavolti. Zili ngati mumsika wa Tsoka mmene Mtumbuka, Myao ndi Mlomwe amatsatsana malonda m'Chichewa, aliyense osataya chakwawo.

Pamwamba pa mawu amenewa pamafunika chilankhulo cholembera pulogalamu yonse. Mu 1986 kampani ya National Instruments ya ku Austin, Texas, idatulutsa LabVIEW, mmene munthu amajambula timabokosi n'kutilumikiza ndi mizere m'malo molemba mawu ambiri. Ambiri masiku ano amagwiritsanso ntchito Python, imene ndi yaulere, pamodzi ndi chothandizira chake cha PyVISA. A ndege adali ndi chawo chotchedwa ATLAS. Makina aakulu a ma chip ali ndi zawozawo: IG-XL ya Teradyne idamangidwa pa Excel ndi Visual Basic, pamene SmarTest ya Advantest imagwiritsa ntchito chilankhulo cha C++, ndipo yatsopano yake Java. Amene wazolowera imodzi amafunika kuphunziranso akapita pa inzake, ngakhale maganizo a pansi ndi amodzi.

Dzina limodzi okonza mafoni akale amalidziwa kale: JTAG. Ma chip atayamba kubisa miyendo yake kunsi, timisomali tija sitinkafikanso. Gulu la makampani lotchedwa Joint Test Action Group lidakonza njira yoti chip izidziyang'anira yokha miyendo yake n'kupereka lipoti kudzera pa mawaya anayi okha, ndipo mu 1990 njirayi idakhala muyezo wa IEEE 1149.1. Timabokosi ta JTAG timene amisiri ankadzutsira mafoni okana kuyaka timalowera pa khomo lomwelo limene lidamangidwira oyesa a m'fakitale.

Nanga woyesayo amamuyesa ndani?

Sikelo ya wogula soya ikamanama, kulemba bwino manambala m'kope sikuthandiza mlimi. Zida zoyesera magetsi nazo zimasuntha pang'onopang'ono ndi zaka komanso kutentha, ndiye zimafunika kuyerekezedwa ndi chida china chodalirika kuposa izo, chimene nacho chidayerekezedwa ndi china, mpaka kukafika pa miyezo ya dziko lonse lapansi. Kuno ntchito yoona masikelo ndi mapampu a mafuta ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972. Malabotale amene amafuna kuti zotsatira zawo zikhulupiridwe kunja amatsata muyezo wa ISO/IEC 17025. Maphunziro amene sakhudza nkhaniyi asiya mwala wa pa maziko.

Maphunziro ake amakhala otani

Dzina lakuti "ATE programming" limaphimba zinthu zosiyana, ndipo apa m'pamene mphwanga adasokonezekera. Pali maphunziro amene opanga makina aakulu amapereka okha. Amakhala a masiku ochepa, amaphunzitsa makina a mtundu umodzi, ndipo ambiri opitako amatumizidwa ndi kampani imene idagula kale makinawo. Mphunzitsi amayamba akuganiza kuti wophunzira amadziwa kale zamagetsi, amatha kuwerenga pepala la wopanga lofotokoza miyezo ya chip, ndipo adalembapo mapulogalamu. Wophunzira amaphunzira kuuza makina kuti mwendo uti wa chip wagona pa chala chiti, mphamvu ya magetsi ndi nthawi yake, malire, magiredi, ndi kufufuza chimene chavuta pulogalamu ikayamba kugwetsa ma chip abwino. Akabwerera kumene kulibe makinawo, zimene waphunzirazo zimazilala msanga, monga layisensi ya munthu amene sagwira chiwongolero.

Palinso maphunziro olamula zida wamba za pa benchi: mita yolumikizika ku kompyuta, chopatsira magetsi, oscilloscope (chida choonetsa pa sikirini mmene magetsi akusinthira). Awa ndi a SCPI, Python, LabVIEW ndi TestStand, pulogalamu yoika mayeso m'ndondomeko. Zida zake n'zotsikirapo mtengo, ndipo luso lake limayenda ndi munthu kulikonse. Amene waphunzira izi akhoza kumanga benchi yoti iziyesa yokha mabatire a sola, kulemba maola amene lililonse lapirira n'kupatula ofooka.

Pansi pa zonsezi pali maphunziro a kukoleji: malamulo a magetsi, ma circuit, masamu a kufalikira kwa miyezo. Palibe kosi ya sabata imodzi imene ingalowe m'malo mwake. Mphwanga ndidamuuza kuti asanatumize ndalama afunse zinthu izi: kodi adzagwira chida chenicheni kapena chongoyerekezera pa kompyuta, layisensi ya pulogalamuyo idzatha liti, ndipo satifiketiyo ikuchokera kwa wopanga makina kapena kwa wotsatsayo.

Kuno kwathu

M'Malawi mulibe fakitale yopanga ma chip. Komabe zinthu zofuna kuyesedwa mwadongosolo zatizungulira: mamita a magetsi olipiriratu, ma inverter ndi mabatire a sola, zida za pa nsanja za mafoni, makina a m'zipatala ngati Kamuzu Central, zida zolondolera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Ngakhale makaniko amene amalumikiza kakompyuta pansi pa chiwongolero kuti galimoto inene yokha chimene chikuvuta ali m'banja lomweli. Khomo limenelo, la OBD-II, lidakhala lokakamiza pa magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996.

Malo ophunzirira maziko alipo. TEVETA, imene idakhazikitsidwa mu 1999, imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji ngati Lilongwe Technical College ndi Namitete. Uinjiniya umaphunzitsidwa ku MUBAS ku Blantyre, imene idali Polytechnic mpaka 2021, ndi ku MUST ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula kukweza mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu.

Anthu amasiyana maganizo pa zoyenera kuchita. Ena amaloza ku Malaysia, kumene Intel idatsegula fakitale pa chilumba cha Penang mu 1972, ndipo dzikolo lidalowa m'malonda a ma chip kudzera pa kukuta ndi kuyesa, osati kupanga kambale ka silicon. Iwo amati anthu ophunzitsidwa ayenera kukhalapo kaye kuti makampani akopeke. Ena amayankha kuti fakitale yotere imafuna magetsi osaphethira ndi ndege zonyamula katundu pafupipafupi, ndipo amakumbutsa za Januwale 2022 pamene namondwe Ana adawononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kwa iwo, ndalama zochepa zimene zilipo zipite ku luso loyesa zimene tikugula kale. Mbali zonsezi zili ndi mfundo zogwira.

Zimene sizinayankhidwe

Kodi makoleji athu ayambe ndi zida zodula zofanana ndi za m'mafakitale, kapena mabenchi otchipa ambiri oti wophunzira aliyense agwirepo? Malayisensi a mapulogalamu ena amalipiridwa chaka ndi chaka m'madola, pamene ndalama zakunja zikusowa; kodi Python yaulere ingakwanire, kapena olemba ntchito adzafunabe satifiketi ya wopanga zida? Zida zikagulidwa, ndani adzaziyerekeza ndi miyezo chaka chilichonse, ndipo zidzafunika kutumizidwa ku Johannesburg kapena zidzatheka konkuno? Mnyamata kapena mtsikana akadziwa bwino ntchitoyi, n'chiyani chidzamusunga ku Kanengo pamene akufunidwa ku Penang? Pali nkhani ya nzeru zopangidwa za makompyuta, zimene zayamba kuthandiza kulemba mapulogalamu ndi kusanthula zotsatira: zidzachepetsa ntchito ya olemba mapulogalamu oyesera, kapena zidzaichulukitsa popeza ma chip ake ndi ovuta kwambiri kuyesa? Ndipo amisiri ngati mphwanga, amene adaphunzira pa benchi mumsika ndipo amamva diode ndi shoti kuposa ena a madigiri, koma alibe pepala lowalowetsa m'kalasi, adzalowera khomo liti?